Kiyi, Mikanda ndi Zala Khumi

Kiyi ndi kanthu kakang'ono, koma kakasowa banja lonse limagona pakhonde. M'nyumba zambiri kwathu ku Bangwe loko amagulidwa ali ndi makiyi atatu, koma chaka chisanathe mumapeza watsala mmodzi. Wina anagwera m'ngalande, wina anapita ndi mlendo amene anaiwala kubweza. Wotsalayo ndiye amasanduka wa aliyense: lero ali pansi pa mwala, mawa pamwamba pa chitseko, mkuja kwa aneba. Agogo athu anali ndi njira yawo, ankamanga kiyi pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya kuchigayo. Ife amene tinaphunzira sukulu zogonera komweko tinkamukoleka m'khosi ndi chingwe cha nsapato, chifukwa kutaya kiyi wa sutikesi kunali kuthyola loko, ndipo sutikesi yopanda loko sichedwa kutha shuga ndi sopo.

Papita zaka ziwiri ndikupanga tokolekera makiyi, timene ambiri timangoti makiholda. Ndinayamba nditangolemba mayeso a MSCE, m'miyezi ija yodikira zotsatira, pamene munthu ukatsuka mbale ndi kusesa pabwalo tsiku limakhala likadali lathunthu. Kumanga mfundo zosiyanasiyana pa chingwe ndinali nditaphunzira kale ku Pathfinder. Mayi anga ndi telala wa pakhonde, ndipo pansi pa makina awo sipasowa tizidutswa ta chitenje timene kale tinkangokolezera mbaula. Zinthu ziwirizi, mfundo ndi tizidutswa, ndi zimene ndinayamba nazo.

Zipangizo zake sizochuluka. Pamafunika sizasi, singano, ulusi wolimba, chingwe cha nayiloni, mikanda, kandulo, ndi mphete yachitsulo yolowetsamo kiyi. Mwa zonsezi, mphete ndi yokhayo imene munthu sangadzipangire pakhomo, ndipo ndi imene imaweruza ntchito yonse. Mukhoza kuluka mokongola bwanji, koma mphete ikakhala yofewa kiyi adzagwa ndithu, ndipo wogula sadzatukwana mpheteyo, adzatukwana inu. Ndikapita ku msika wa Limbe ndimaiyesa ndisanalipire. Ndimaikanula pang'ono ndi chikhadabo n'kuisiya. Ikabwerera yokha n'kutsekeka bwinobwino, ndiye kuti chitsulo chake n'cholimba. Ikatsala yoyasama, ndimaisiya ngakhale itchipe chotani. Mphete za makiholda akale amene anthu ataya nthawi zambiri zimaposa zatsopano, choncho ndimatolanso zimenezo, kuzikwecha ndi sitiliwulu, n'kuzipaka kamafuta pang'ono kuti dzimbiri la nthawi ya mvula lisazigwire.

Mtundu wosavuta kuyamba nawo ndi wa chitenje. Mumadula kansalu kotalika masentimita 30, m'lifupi masentimita 10. Mumakapinda pakati m'litali n'kusita, kenako mumakatambasula n'kupindira mbali zonse ziwiri ku mzere wapakati uja, ndipo pomaliza mumapindanso pakati. Mukatero muli ndi kalamba ka masentimita awiri ndi theka, kokhuthala kanayi, kopanda m'mphepete mosomphoka. Mumasoka mbali zonse ziwiri, pamanja kapena pa makina, kulowetsa mphete, kulumikiza nsonga ziwirizo, n'kusokanso mopingasa pafupi ndi mphete kuti isamayendeyende. Chinsinsi chake chili pa simbi. Nsalu yosasita imapotoka pansi pa singano, ndipo kalambako kamatuluka ngati njoka yopondedwa. Magetsi akazima ndimagwiritsa simbi ya makala ya mayi, ndipo imagwira bwino kuposa ya magetsi chifukwa cha kulemera kwake.

Mtundu wachiwiri ndi woluka ndi chingwe cha nayiloni. Mumakoleka chingwe pa mphete mwakuti pakhale tizingwe tiwiri pakati tongoima, ndi tiwiri m'mbali timene timagwira ntchito. Chakumanzere mumachidutsa pamwamba pa tapakati, chakumanja mumachidutsa pansi n'kuchitulutsira m'diso la chinzake, ndipo mumakoka. Mfundo yotsatira mumayambira kumanja. Mukamasinthasintha chonchi, chinthucho chimatuluka chathyathyathya ngati lamba. Mukamayambira mbali imodzi yokhayokha, chimadzipota chokha ngati chingwe cha sisalo, ndipo ena amakonda chomwecho. Kuti mupeze kiholda wa masentimita 8 mumafunika chingwe cha pafupifupi mita imodzi, chifukwa mfundo zimadya chingwe. Pomaliza mumadula nsonga n'kuziyandikiza ku lawi la kandulo. Nayiloni amasungunuka n'kuuma ngati phula, choncho mfundo siimasukanso. Ulusi wa thonje sutero, umangopsa n'kusanduka phulusa, ndiye ngati mwaluka ndi thonje nsonga zake muzisoke. Nayiloni wosungunuka musamukanikize ndi chala, gwiritsani msana wa sipuni.

Mtundu wachitatu ndi wa mikanda, ndipo ndi umene umafuna kuleza mtima. Ndimagwiritsa kachingwe kowedzera nsomba chifukwa sikaduka msanga, ndipo ndimakadutsa kawiri m'mikanda yonse kuti kamodzi kakatha kena kagwire. Mfundo yomaliza ndimaibisa mkati mwa mkanda waukulu. Mikanda ndimaithira m'mbale yoyalamo kansalu kuti isagubuduke. M'nyumba muli ana ang'onoang'ono ntchitoyi iyenera kudikira mpaka atagona, ndipo pansi pasesedwe mukamaliza, chifukwa mwana wokwawa chilichonse chowala amaponya m'kamwa kapena m'mphuno.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kanthu kamodzi komweka anthu amakafuna mosiyana. Amayi ogulitsa tomato ndi masamba amafuna wa chitenje wolowa pamkono, chifukwa manja awo sapuma ndipo zovala zawo zambiri zilibe matumba. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto amafuna wamfupi, wofewa ndi wopepuka, woti asamakande thanki njinga ikamadumpha m'mabampu. Anzanga a pano pa koleji amafuna wa mikanda ya zilembo yolemba dzina lawo, kapena dzina la munthu wina amene safuna kundiuza kuti ndi ndani wawo. Amene ali ndi abale ku Johannesburg amaitanitsa wa mitundu ya mbendera yathu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, kuti akapatsire wokwera basi. Ndinaphunzira kufunsa ndisanadule chingwe: kodi kiyi wake ndi wa chiyani, ndipo amakhala kuti tsiku lonse? Yankho la funso limeneli ndi limene limandiuza utali, kulemera ndi mtundu wa chinthu choti ndipange.

Tsopano za ndalama, pakuti ndikudziwa kuti ena mwa inu mukudikira pamenepa. Mikanda si yachilendo m'dziko muno, koma kuyambira kale yambiri imachokera kunja. M'zaka za m'ma 1800 amalonda achiyao ndi achiswahili ankabwera nayo kuchokera ku gombe la nyanja yamchere pamodzi ndi nsalu, n'kumasinthanitsa ndi minyanga ya njovu, mwinanso ndi anthu amene. David Livingstone naye ankanyamula mikanda ndi nsalu pa maulendo ake zogulira chakudya m'midzi. Lero mikanda, mphete ndi chingwe cha nayiloni zimene timagula ku Limbe zimalowabe kuchokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wogulitsa mikanda amakweza mtengo tsiku lomwelo, koma ine sindingakweze chimodzimodzi, chifukwa kiholda si ufa. Munthu ndalama ikamuchepera amabwerera ku chingwe cha nsapato, ndipo kiyi wake amatsegulabe chitseko. N'chifukwa chake masiku ano ndimapanga ambiri a chitenje, amene nsalu yake ndimatola ulere, ndipo a mikanda ndimapanga pokhapokha munthu ataitanitsa ndi kulipirako theka.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo chilichonse. Pa kiholda aliyense ndimawerengera mphete, chingwe kapena ulusi, gawo la kandulo, gawo la ndalama ya minibasi yopita ku Limbe ndi kubwera, komanso nthawi yanga. Wa chitenje amanditengera mphindi 20, woluka mphindi 30, wa mikanda ya dzina akhoza kudya ola lathunthu. Anthu ambiri a ntchito zamanja saiwerengera nthawi, ndipo ndi pamene amagwirira ntchito yaulere osadziwa. Vuto lalikulu kuposa kugwa kwa kwacha ndi mawu akuti "ndikupatsa mawa." Amene amanena mawuwa ndi anzako ogona nawo chipinda chimodzi, oimba nawo kwaya, odya nawo mbale imodzi. Kuwakana kumawawa, kuwalondola kumawawa koposa. Eni magolosale amene amalemba pakhoma kuti ngongole mawa anaona zambiri. Lamulo langa ndi ili: amene ndikufuna kumupatsa mphatso ndimamupatsa poyera, n'kumuuza kuti ndi mphatso. Ena onse amalipira kaye, pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba. Ubwenzi umakhalitsa bwino pakakhala palibe amene akuthawa mnzake pa kholido.

Ndinene zoona zake kuti wina asanyengeke: makiholda salipira fizi. Amandigulira sopo, mafuta odzola, bandulo ya intaneti ndi kusindikiza ma asainimenti. Fizi yanga amalipira malume anga, ndipo iwo ndi amene anadandaula kwambiri atamva zimene ndikuchita. Anandiitana pa tchuthi n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, ndalama zimene ndikutumiza ku koleji kuja n'zoti udzakhale woluka mikanda?"

Funsoli silinachokere kwa munthu wonyoza ntchito zamanja. Malume ndi kalipentala, akhala akupala matabwa ku Ndirande kuyambira ine ndisanabadwe. Amadziwa kupanga mpando sabata yathunthu n'kuugulitsa mosapindula chifukwa lendi yafika. Ali ndi anzawo osema ziboliboli, ena mwa iwo osema makiholda a mtengo olembapo mayina a alendo ku Senga Bay, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, ndipo anaona mmene anavutikira mu 2020 pamene Covid-19 inaletsa alendo kubwera. Kwa iwo sukulu ndi khomo lotulukira m'moyo wodalira kuti lero kubwera wogula kapena ayi. Kuona mwana amene akumulipirira akuweramira mikanda kunali ngati kumuona akubwerera kumene iwo akufuna kumuchotsa.

Ndinawayankha kuti, "Malume, sukulu sindinaisiye ndipo sindidzaisiya. Koma ndalama ya sopo ndikamaipeza ndekha, inu mumatsala ndi fizi yokha." Ndinawaonetsa kope langa lija pamodzi ndi zotsatira za semesita. Anayang'ana nthawi yaitali, makamaka kopelo. Tinagwirizana zitatu: ndizipanga pa tchuthi ndi Lamlungu masana basi, mwezi wa mayeso ndisakhudze mkanda, ndipo magiredi akangotsika, mphete zonse ndikapereke kwa iwo. Mpaka lero sananene kuti akhutira, ndipo ine sindiwakakamiza. Mantha awo ali ndi maziko, ndipo ndi amene amandikumbutsa kuti ola limene ndapereka ku chingwe ndalichotsa penapake.

Funso lina linachokera ku tchalitchi. Mayi wina wa Dorika, mnzawo wa mayi anga, ataona mikanda m'mbale anandifunsa mwachikondi kuti, "Mwanawe, izi si zodzikongoletsera zomwe timakana zija?" Owerenga magazini ino akudziwa kuti ife a Adventist timaphunzitsidwa kuvala modzichepetsa, osadzikoleka mikanda ndi ndolo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, ichi sichivalidwa, ntchito yake ndi kugwira kiyi, ndipo mtundu wowala umathandiza kuti akagwa pa udzu aoneke msanga." Anavomera, koma anandisiyira chenjezo limene ndimalisunga: chinthu chimayamba ngati chida n'kutha ngati chodzionetsera. Choncho atsikana akandipempha kuti ndiwapangire zibangili ndi mikanda yomweyo ndimakana, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo zikanayenda malonda kuposa makiholda. Dzuwa likamalowa Lachisanu kope ndi mbale ya mikanda zimalowa m'kabati, ndipo amene wandipeza ku tchalitchi n'kuyamba za oda ndimamuuza kuti tikambe Lamlungu.

Phindu limene sindinaliyembekezere ndi la uphunzitsi. Ndikukonzekera kudzaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo m'kalasi timamva kawirikawiri za TALULAR, njira imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa, yoti mphunzitsi azigwiritsa zinthu zopezeka pamalo pomwepo pophunzitsa. Maganizowa ali ndi chifukwa chake. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mabuku, makalasi ndi zipangizo sizinakule pa liwiro limenelo. Ambiri a ife tikamaliza pano tidzatumizidwa ku sukulu zoyendera za kumudzi kumene choko chomwe chimawerengedwa. Mawu a TALULAR ndinkawadziwa ngati yankho la pa mayeso. Tanthauzo lake ndinalimva pamene ana a aneba anayamba kudzaunjikana pakhonde pathu kuti ndiwaphunzitse kuluka.

Mmodzi mwa iwo ndi mnyamata wa Sitandade 6 amene kwawo konse amati masamu anamukana. Tsiku lina akutunga mikanda ya mitundu ya mbendera, wakuda, wofiira, wobiriwira, mobwerezabwereza, ndinamufunsa kuti mkanda wa nambala 20 udzakhala wa mtundu wanji. Sanawerenge umodziumodzi. Anati, "Asisi, magulu asanu ndi limodzi akwana 18, ndiye wa 19 ndi wakuda, wa 20 ndi wofiira." Mwanayo anali atagawa 20 ndi 3 n'kugwiritsa ntchito chotsala, chinthu chimene pa bolodi chimamugwetsa ulesi. Wina ndinamufunsa kuti ngati kiholda wa masentimita 8 amadya mita imodzi, wa masentimita 12 adya chingwe chotalika bwanji. Anayeza ndi zikhato zake n'kunena kuti mita ndi theka. Kope langa la malonda nalonso ndi phunziro lathunthu la mtengo wogulira, mtengo wogulitsira, phindu ndi kuluza.

Kuphunzitsa mfundo kwandiphunzitsanso zinthu zimene buku la njira zophunzitsira limangozitchula mwachidule. Chinthu chimene zala zako zinazolowera n'chovuta kuchifotokoza, chifukwa umachita masitepe anayi ngati imodzi. Kuti mwana amve, uyenera kuchiphwanya n'kupatsa sitepe iliyonse dzina. Ana akachuluka kachingwe kakang'ono sikaoneka, choncho ndimaonetsa ndi zingwe zikuluzikulu zoyanikira zovala, china chofiira china choyera, nditazimanga pa msomali wa pakhoma. Mwana wogwiritsa dzanja lamanja ndimakhala naye mbali imodzi, koma wamanzere ndimakhala moyang'anizana naye kuti azinditsanzira ngati pa galasi. Mwana akalakwitsa mfundo sindimulanda chingwe, ndimamufunsa kuti aloze pamene lamba wayamba kupotoka, ndipo akapapeza yekha sabwerezanso. Ndaonanso kuti mwana amene wapita kwawo ndi chinthu chimene wapanga ndi manja ake, mawa amabwera msanga kuposa anzake.

M'dziko muno timakonda kugawa anthu pawiri, a mabuku ndi a manja, ndipo a manja timawaona ngati amene sukulu inawakana. Komatu boma linakhazikitsa TEVETA mu 1999 chifukwa linaona kuti dziko silingayende ndi masatifiketi okha, ndipo ku Mua, m'boma la Dedza, malo a KuNgoni amene anayamba mu 1976 aphunzitsa osema amene ntchito zawo zafika kutali kunja kwa Malawi. Ine sindidziyerekeza ndi amisiri amenewo. Changa n'chaching'ono, chokwana m'thumba la malaya. Koma sindikuona chifukwa choti mphunzitsi achite manyazi kugwira singano, kapena choti woluka alephere kufotokoza masamu amene ali m'zala zake.

Kwa mnzanga amene akufuna kuyesa tchuthi chikubwerachi, musayambe ndi kugula mikanda yambirimbiri. Pitani kwa telala wapafupi mukapemphe tizidutswa, chotsani mphete pa kiholda wakale, ndipo mupange mmodzi wa kiyi wa pakhomo panu. Mugwiritseni ntchito mwezi wathunthu, anyowe ndi mvula, akokedwe ndi ana, agwe pansi kangapo. Akapirira, pangani asanu n'kupatsa anthu a ntchito zosiyana, kenako muwafunse chimene chawavuta. Gulani kope musanagule chingwe chachiwiri. Ndipo ngati pali amene amakulipirirani fizi, auzeni nokha asanamve kwa ena.

Chaka chamawa ndikupita kokayeserera kuphunzitsa. Sindinauzidwe sukulu yake, koma m'chikwama changa, pambali pa mabuku ndi choko, mudzakhala botolo la mikanda ya mitundu itatu ndi zingwe ziwiri zoyanikira zovala. Ndikufuna ndikaone ngati zimene zinatheka ndi ana asanu pakhonde la mayi zingathekenso ndi ana a Fomu 1 odzaza kalasi mpaka pakhomo.